Wothamanga Paphiri Amafunika Womuletsa

Mpikisano wa Porters Race pa Phiri la Mulanje umayambira ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudzera ku Lichenya n'kutsikanso, makilomita oposa 20. Achinyamata athu akamaulakalaka (tsiku lake likapanda kugwa pa Sabata), timayamba tawafunsa kuti adzawadikirira m'njira ndani.

Odikirirawo anyamule madzi, Thanzi, nthochi ndi juzi youma, pakuti chiperoni chikatsika, munthu wonyowa ndi thukuta amazizidwa msanga. Koma ntchito yawo yaikulu ndi ya maso. Thupi likazizira kwambiri kapena shuga akatsika, maganizo amasokonezeka, mwiniwake n'kumaumirira kuti ali bwinobwino. Akayamba kudzandira, kulankhula zosamveka kapena kulephera kumanga zingwe za nsapato, m'khazikeni pansi, mum'funditse, mum'patse chakudya. Zoti wodikirira akati "basi" sipakhala kutsutsa, mugwirizaniretu musananyamuke kunyumba.