Wosaona sapikisana yekha, koma bajeti yathu imawerenga mmodzi

Kwa Mponda, kumene dzuwa la mu October limawotcha mchenga mpaka wodutsa n'kudumphadumpha, nkhani yotsetsereka pachipale chofewa ingamveke ngati nthano. Komabe masewera a Paralympics a nyengo yozizira a mu March 2026, ku Milan ndi Cortina m'dziko la Italy, ali ndi funso loti Amalawi aliyankhe.

Pampikisano wotsika phiri, wosaona amatsatira mnzake woona amene amatsetsereka patsogolo, uku akumuuza pokhota kudzera pa kawayilesi ka m'chisoti. Liwiro lawo limatha kupitirira makilomita 100 pa ola. Wotsogolera akalakwitsa, onse apita. Akapambana, mendulo amalandira onse awiri, chifukwa malamulo amamuona wotsogolerayo ngati katswiri, osati wongoperekeza.

Kuno chipale kulibe, koma mpikisano wothamanga uli ndi dongosolo lofanana: wa gulu la T11, yemwe saona konse, amathamanga atagwirana kachingwe ndi womulondolera. Pamenepa ndi pomwe dziko lino limapunthwa. Mu 2012 Malawi idalephera kutumiza othamanga awiri a vuto la maso ku London chifukwa chosowa ndalama. Taonere Banda, Mmalawi woyamba kupikisana ku Paralympics, adathamanga mamita 1 500 ku Rio de Janeiro mu 2016 m'gulu la T13, la omwe amaonako pang'ono ndipo safuna wowalondolera. Luso lake palibe angalitsutse. Koma n'zoonekeratu kuti katswiri wotere amafuna tikiti imodzi yokha, pomwe wosaona konse amafuna matikiti awiri, nsapato za anthu awiri ndi chakudya cha anthu awiri, osati pa ulendo pokha komanso pa miyezi yonse yokonzekera.

Boma la Mangochi lili ndi ana osaona amene amaphunzira ku Nkope, ndipo lili ndi bwalo la zamasewera paboma. Chovuta kupeza ndi mnyamata kapena mtsikana wa liwiro, wovomera kudzuka m'mamawa tsiku ndi tsiku kuti athamangire ulemu wa mnzake. Wotereyu ayenera kukhala waliwiro kuposa amene akumulondolera, choncho sangatoledwe pamsewu kutatsala sabata imodzi.

Komiti ya Paralympics m'dziko muno ndi khonsolo ya zamasewera zikamakonza bajeti ya katswiri wosaona, mzere wa womulondolera uyenera kulembedwa pomwepo, pamodzi ndi alawansi yake.