Mafuta, galimoto ndi lendi: kodi wa ku Joni amatsala ndi zingati poyerekeza ndi mlimi wa kuno?

Mwezi wa Disembala ukamayandikira, pa chipata cha Cuchamano pamayamba kudutsa magalimoto a manambala a ku Gauteng atasenza mafiriji, njinga, matiresi ndi zigubu mpaka pamwamba. Ambiri amapitirira ku Malawi kudzera pa Zóbuè ndi pa Calómuè, koma ena amakhotera m'midzi ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga. Imeneyi ndi nyengo yomwe alimi amakhala akusakasaka ndalama ya feteleza wobereketsa, ndipo m'mabanja ambiri mumabuka nkhani yoti mwina mnyamata asiye khasu atsatire anzake ku Joni. Ena amagulitsa ng'ombe kapena njinga yamoto kuti apeze ya pasipoti ndi ya basi. Banja lisanafike pamenepo, ndi bwino kuika mitengo ya kuno ndi ya kumeneko pamalo amodzi n'kuona chimene munthu amatsala nacho m'manja.

Tiyambe ndi mafuta, chifukwa mtengo wake umalembedwa poyera pa bomba ndipo palibe angatsutse. Kuno ku Mozambique mtengo umalengezedwa ndi bungwe la ARENE. Dziko lathu lili ndi malasha ku Moatize, magetsi ku Cahora Bassa ndi gasi ku Pande ndi Temane, koma petulo ndi dizilo timagula kunja atayengedwa kale, ndipo timalipira m'madola. Sitima zimatsitsa mafutawo pa madoko a Maputo, Beira, Nacala ndi Pemba. Ofika kuno amachokera ku Beira, mtunda wa makilomita pafupifupi 600 kufika mumzinda wa Tete, kenako enanso oposa 200 kukwera ku Ulónguè. N'chifukwa chake mtengo umene mumamva pa wailesi umakhala wotsikirapo kusiyana ndi umene mumalipira kuno, pakuti wolengezedwawo ndi wa kudoko ndipo wathu umasenza ndalama ya mayendedwe.

M'mwezi wa Julayi 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itakweza mafuta pa dziko lonse, petulo anafika pa mameticais 86.97 pa lita ku Maputo, ndipo m'chaka cha 2024 anali adakali pa mameticais 86 ndi masentavo pang'ono. Ku South Africa boma limasintha mtengo Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse, ndipo nakonso madera a kumtunda monga Johannesburg amalipira zambiri kuposa a kunyanja monga Durban. M'mwezi womwewo wa Julayi 2022 petulo ku Gauteng anafika pa marandi 26.74, ndipo m'chaka cha 2024 ankasewera pakati pa marandi 21 ndi 26. Randi imodzi inkasinthidwa ndi mameticais pafupifupi atatu ndi theka. Tikachulukitsa, lita ya ku Johannesburg imagwera pakati pa mameticais 73 ndi 91. Choncho nkhani yoti ku Joni mafuta ndi otchipa kwambiri ilibe maziko. Pa bomba mitengo iwiriyi imayendera limodzi.

Kusiyana kumaoneka tikafunsa kuti munthu agwire ntchito maola angati kuti agule lita imodziyo. Kuyambira Malichi 2024, malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku South Africa anali marandi 27.58 pa ola, ndipo mu Malichi 2025 anakwera kufika pa 28.79. Lamuloli limakhudzanso ogwira ntchito m'mafamu ndi m'nyumba. Ndiye kuti wa ku Joni amagula lita ndi ntchito yosakwana ola limodzi. Kuno kwathu, malipiro otsikitsitsa a ntchito za ulimi m'chaka cha 2024 anali mameticais 6,338 pa mwezi. Tikagawa ndi maola 48 pa sabata, ola limodzi limagwera pa mameticais 30 okha, kutanthauza kuti lita imadya ntchito ya maola pafupifupi atatu. Pa mwezi wathunthu, wa ku South Africa wogwira maola 45 pa sabata m'chaka cha 2024 ankalandira marandi pafupifupi 5,400, omwe anali mameticais oyandikira 19,000, katatu kuposa mnzake wa kuno. Ichi ndicho chimakoka achinyamata, ndipo palibe chifukwa chochibisira.

Komabe nambala imeneyi ili ndi mbali ziwiri zimene obwera kutchuthi sakonda kuzitchula. Yoyamba ndi yoti malipiro ovomerezekawo amatetezeka mosavuta kwa munthu wokhala ndi mapepala. Mzika ya Mozambique imaloledwa kulowa ku South Africa popanda visa kwa masiku 30, koma chidindo chimenecho ndi cha mlendo, sichilola kugwira ntchito. Wopyola masikuwo amalembedwa kuti ndi wosafunika ndipo amaletsedwa kulowanso kwa nthawi. Bwana akadziwa kuti wantchito wake akuopa apolisi, amalipira zimene wafuna, podziwa kuti munthuyo sakadandaula kulikonse. Ambiri mwa abale athu amakhalira maganyu a tsiku, oima pa ngodya ya msewu kudikira wowatenga, ndipo sabata ina imatha atagwira masiku awiri okha.

Mbali yachiwiri ndi yoti ku Joni chilichonse chimagulidwa. Chipinda kapena kachisakasa ka malata ku Diepsloot, Tembisa kapena Alexandra kamafuna lendi mwezi ndi mwezi, kaya ntchito ilipo kaya palibe. Kupita kuntchito ndi kubwerako ndi taxi, nthawi zina ziwiri ulendo umodzi. Ufa, ndiwo, magetsi kapena palafini wophikira, zonse zimachokera m'thumba lomwelo. Mlimi wa ku Dómuè kapena ku Ntengo-wa-Mbalame salipira lendi ya nyumba, ndipo munda wake umatetezedwa ndi lamulo la malo la 1997, limene limazindikira kuti wolima malo motsata mwambo ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito ngakhale alibe chikalata. Chimanga cha m'nkhokwe, nyemba, nkhwani, mbatata ya kachewere ndi nkhuni sizilembedwa ngati malipiro, komabe ndi zinthu zimene wa ku Joni amazilipira ndi randi. Poyerekeza anthu awiriwa, tiyenera kutenga zotsala atachotsa zonsezi, kenako n'kuchotsanso mtengo wotumizira. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse yakhala ikunena kwa zaka zambiri kuti South Africa ndi limodzi mwa mayiko odula kwambiri potumiza ndalama kunja. Makampani monga Mukuru ndi Mama Money, pamodzi ndi M-Pesa ndi e-Mola kuno, anafewetsa ntchitoyi, koma amadula gawo lawo, ndipo wolandira amalipiranso potapa kwa ajenti.

Palinso mtengo wosawerengeka ndi ndalama. M'mwezi wa Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa alendo ku South Africa, ndipo abale athu zikwizikwi anabwerera kudzera pa Ressano Garcia atasiya katundu yense. Ziwawa zinabukanso mu 2015 ndi mu 2019, ndipo m'chaka cha 2025 gulu la Operation Dudula linkaima pa zipata za zipatala zina kubweza alendo. Munthu amene wasunga chuma chake chonse m'chipinda cha lendi akhoza kuchitaya usiku umodzi.

Tsopano galimoto, imene m'mudzi imaonedwa ngati umboni wakuti ulendo unapindula. Boma la South Africa sililola kuti magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja agulitsidwe m'dzikomo, pofuna kuteteza mafakitale ake. Magalimoto a ku Japan amene amatsika pa doko la Durban amangodutsa, kupita ku mayiko oyandikana nawo kuphatikizapo kuno. Zotsatira zake n'zakuti galimoto yakale ku Johannesburg siitchipa monga ambiri amaganizira. Chimene chimaoneka ngati kutchipa ndi ngongole ya ku banki yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo galimoto yangongole imakhala ya banki mpaka ngongoleyo itatha. Kuituluka nayo m'dzikomo kumafuna kalata ya chilolezo ya bankiyo.

Ulendo wochokera ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete kufika ku Ulónguè ndi wa makilomita pafupifupi 1,700. Tiyerekeze bakki yodzaza katundu imene imadya malita 10 pa makilomita 100 alionse. Kupita ndi kubwerera ndi malita 340. Pa mameticais 85 lita, mafuta okha ndi mameticais 28,900, omwe m'chaka cha 2024 anali malipiro a miyezi inayi ndi theka a wantchito wa m'munda kuno, kapena pafupifupi mwezi ndi theka wa malipiro otsikitsitsa a ku Joni. Pamwamba pake pali matoligeti a mumsewu wa N1, msonkho wolowera pa Beitbridge ndi matoligeti a mu Zimbabwe olipira m'madola, inshuwalansi yokakamizidwa pa malire, ndi portagem ya pa mlatho wa Zambezi ku Tete. Wokwera basi amafika pakhomo pomwepo ndi gawo lalikulu la ndalamayo lili m'thumba.

Galimoto ya nambala yakunja imalowa ndi chikalata cha Alfândega chongoilola kukhala kwa kanthawi, kawirikawiri masiku 30. Wofuna kuisiya kumudzi ayenera kuilipirira msonkho wolowetsera katundu, msonkho wina wotchedwa ICE umene umayendera kukula kwa injini, ndi IVA, yomwe inatsika kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti m'chaka cha 2023. IVA imawerengedwa pamwamba pa mtengo wa galimoto ndi misonkho inayo, ndiye zonse pamodzi zimakwera msanga. Pambuyo pake pamafunika nambala ya kuno kuchokera ku INATRO, inshuwalansi ndi kuyezetsa galimoto. Amene amalumpha njira imeneyi amakhala ndi galimoto yoyenda mobisala, yosagulitsika pa mtengo wabwino, imene ikhoza kulandidwa tsiku lililonse.

Vuto lalikulu limayamba mwini wake akabwerera ku Joni n'kusiyira abale makiyi. Galimotoyo inagulidwa ndi randi, koma tsopano iyenera kudyetsedwa ndi metical ya soya ndi fodya, imene imabwera kamodzi pa chaka. Msewu wa N304 uli ndi phula, koma njira zolowera m'midzi ya ku Tsangano ndi ku Macanga nthawi ya dzinja zimatha matayala ndi masipulingi. Galimoto yotsika, yopangidwira misewu ya mu Sandton, singakoke matumba a kachewere m'matope, ndipo chipangizo chake chikathyoka chimadikira wina wochokera ku Joni. M'midzi yambiri muli magalimoto oima pa njerwa, nkhuku zikuikira mkati. Yodzilipirira yokha ndi imene ili ndi ntchito tsiku ndi tsiku: bakki kapena kalole kotengera mbewu ku msika wa Lizulu, Biri-Biri kapena mumzinda wa Tete, kapena chapa yokhala ndi chilolezo. Ngakhale pamenepo, banja liyerekeze ndalama yomweyo itagulidwa chigayo, pampu yothirira dimba, ng'ombe ziwiri ndi ngolo, kapena feteleza wa nyengo ziwiri.

Ife a m'malire tili ndi galasi lina loonerapo, lomwe ndi Malawi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene metical yakhala ili pafupi ndi 64 pa dola kuyambira 2021. Petulo ku Malawi anakhala pa makwacha 2,530 kwa nthawi yaitali, koma kusowa kwa madola kunachititsa kuti m'mabomba muziuma, anthu n'kumagona pa mizere. Mtengo wolembedwa pa chikwangwani ulibe phindu ngati mafutawo palibe, ndipo n'chifukwa chake zigubu zinayamba kuwoloka malire m'njira zachidule. Malonda amenewa ndi oletsedwa komanso ndi oopsa. Chigawo chathu sichinaiwale za pa 17 Novembala 2016 ku Caphiridzange m'boma la Moatize, pamene thanki ya mafuta yopita ku Malawi inaphulika anthu akutunga, n'kupha oposa 70. Phunziro lina kwa alimi ndi lakuti wogulitsa mbewu m'makwacha azisintha msanga, chifukwa mafuta ndi feteleza azikagula m'mameticais.

Kunena zonsezi si kunyoza ulendo. Makolo athu ankapita ku mafamu a ku Rhodesia ndi ku migodi ya Wenela, ndipo nyumba zambiri za malata ndi ana ambiri ophunzira anachokera m'ndalama zotumizidwa. Kumudzi nakonso kuli zotayika zake. Chilala cha El Niño cha nyengo ya 2023 ndi 2024 chinaumitsa minda yambiri m'chigawo cha Tete, ndipo chaka cha zokolola zambiri mavenda amatsitsa mtengo mpaka mlimi osabweza ya feteleza. M'zaka zotere, m'bale wotumiza pang'ono mwezi uliwonse ndiye amapulumutsa banja. Wa luso la m'manja, monga womanga, wowotcherera kapena dalaivala wokhala ndi mapepala, ali ndi mwayi waukulu wotsala ndi kanthu kuposa wopita chimanjamanja.

Musanagulitse ng'ombe, khalani pansi ndi m'bale wobwera kutchuthi, mumufunse mwaulemu manambala asanu: amalandira zingati pa mwezi woipa, amalipira zingati lendi, taxi ndi chakudya, ndipo anatumiza zingati kumudzi m'miyezi 12 yapitayi. Nambala yomalizayo muiyerekeze ndi phindu la munda ndi dimba zimene mnyamatayo akanalima chaka chomwecho, osaiwala ndalama ya aganyu amene adzalowe m'malo mwake. Ngati wabwera ndi galimoto, mufunsenso ngati ngongole yake inatha, ngati Alfândega yalipidwa, ndi kuti adzagula mafuta ndani mwezi wa Febuluwale, pamene nkhokwe yatsika ndipo soya asanakhwime.