Amene agwira zitseko za Cahora Bassa agwiranso ndiwo zathu

Abale anga a m'maboma a kumalire, kuyambira ku Zumbo, Marávia, Chifunde, Macanga, Angónia, Tsangano mpaka kutsikira ku Mutarara, lero ndifuna tikambirane za madzi a Zambezi ndi za m'mene amatsegulidwira pa damu la Cahora Bassa ku Songo. Ndidziwa kuti ena a inu a kumapiri muti nkhani imeneyi ndi ya a kuchigwa, popeza mtsinjewo mumauona pokhapokha powoloka mlatho wa ku Tete. Koma pende wouma wa ku Chicoa amene mumagula pa msika wa Ulóngue kapena wa Zóbuè, ndi kapenta wa m'mbale mwa ana anu, zimachokera m'madzi omwewo. Revúbuè amene ayambira kwanuko amakathira mu Zambezi pafupi ndi Tete. Ndipo Zambezi akadzaza ku Mutarara, madzi a Shire amasowa kolowera, nabwerera kukasefukira m'minda ya abale athu a ku Morrumbala ndi ku Nsanje.

Maganizo anga ndi awa: ndandanda yotsegulira madzi pa damulo isamalembedwe poyang'ana magetsi okha. Msodzi ndi mlimi wa kudimba awerengedwemo, ndipo aziidziwa ndandandayo madzi asanafike pakhomo.

Mtsinjewu usanatsekedwe unali ndi nyengo zake zodziwika. Mvula ikagwa kumtunda, madzi ankayamba kukwera chakumapeto kwa chaka, nafika pachimake cha m'ma Febuluwale ndi Malichi, kenaka n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka mu Okutobala ndi Novembala pamene mchenga ndi zilumba zinkaonekera. Madzi osefukirawo ankasiya matope a chonde m'mbali mwa mtsinje. Akaphwa, anthu ankatsatira chinyontho ndi khasu, nabzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu, ndipo ankakolola kachiwiri chaka chomwecho popanda feteleza. Mbewu ya kumtunda ikapsa ndi dzuwa, dimba ndilo linkapulumutsa mudzi.

Nsomba nazo zinkawerenga nyengo yomweyo. Asodzi adziwa bwino kuti mlamba suswera pakati pa mtsinje pamene madzi athamanga. Umadikira kuti madzi atsopano alowe m'maudzu, ndiye usiku umakwera m'madambo osefukira n'kukaikira mazira amene amamatirira ku udzu. Nchila ndi ncheni zimasamuka kutsata madzi okwera. Pende wamwamuna amakumba kadzenje kake m'madzi osaya, wamkazi n'kusunga mazira ndi ana m'kamwa mwake kufikira atalimba, kenaka n'kuwalavulira m'maudzu momwe muli chakudya ndi pobisala. Dambo losefukira ndilo chikuta cha nsomba. Madzi akakhalamo miyezi iwiri kapena itatu, tiana timakula tisanabwerere mu mtsinje waukulu momwe muli ncheni za mano. Akakhalamo sabata imodzi n'kuphwa mwadzidzidzi, timatsalira m'zithaphwi kukhala phwando la akakowa ndi anantchengwa. Akapanda kulowamo konse, chaka chimenecho nsomba zaswa pang'ono, ndipo ukonde umamva chaka chotsatira. Zoti chaka cha madzi ambiri chimatsatidwa ndi nsomba zambiri asodzi anaziona kalekale, ndipo ophunzira za nsomba anazitsimikiza powerenga zogwidwa m'madambo a Kafue ndi a Shire.

Kariba anatsekedwa kumapeto kwa 1958. Cahora Bassa, amene Apwitikizi anayamba kumanga mu 1969, anatsekedwa mu Disembala 1974. Khoma lake ndi lalitali mamita 171, nyanja yake ifika mpaka ku Zumbo, ndipo makina ake asanu angathe kutulutsa mamegawati 2,075. Gawo lalikulu la magetsiwo linakonzedwera kuyenda pa nthambo makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku Apollo, kufupi ndi Johannesburg. Tsono wogula magetsi amafuna magetsi ofanana mu Malichi ndi mu Okutobala, ndiye ntchito ya damu ndiyo kugwira madzi a dzinja ndi kumawatulutsa mofanana chaka chonse. Potero mtsinje unatembenuzidwa. Pa nthawi imene unayenera kusefukira umakhala wochepa, pa nthawi imene unayenera kuphwa umakhala wodzaza, ndipo zilumba zimene anthu ankalimapo m'chilimwe zina sizionekeranso. Matope a chonde amatsalira pansi pa nyanja, madzi otuluka opanda matope n'kumadya magombe.

Palinso china. Kuti damu lisadzaze mopitirira, oliyendetsa amafunika kuchepetsako madzi mvula yaikulu isanafike. Pa zaka zina madzi amenewo anatsika m'chigwa mbewu za m'mphepete zisanakololedwe. Munthu wagona kumwamba kuli mbee, nyenyezi zokhazokha, m'mawa apeza dimba lamira, bwato ndi ukonde zapita. Chigumula cha mvula munthu amachiona chikubwera, koma cha zitseko chilibe mtambo.

Choipitsitsa chinachitika mu Malichi 1978, pamene madzi ochuluka ochokera ku Kariba anakumana ndi mvula yamphamvu, ndipo zitseko zonse zisanu ndi zitatu za Cahora Bassa zinatsegulidwa. Anthu 45 anafa, ndipo oposa 200,000 anathawa m'nyumba zawo. Chigwa chinasefukiranso koopsa mu 2001, 2007 ndi 2008. Apa pali chinthu chimene ndifuna muchimvetse. Damu linachotsa timagumula ta chaka ndi chaka, tija tinkabweretsa nsomba ndi chonde, koma chigumula chachikulu silingathe kuchigwira. Anthu ataona kuti madzi sakufikanso, anatsika nakamanga m'malo amene makolo awo ankangolimamo. Paja akulu anati madzi saiwala khwawa.

Ngakhale ku nyanja ya mchere zinamveka. Camarão wa ku Banco de Sofala, amene dziko lathu lakhala likugulitsa kunja, amakulira m'nkhalango za m'matope kumene Zambezi amathira, ndipo madzi a chigumula ndiwo amamukankhira kunyanja pa nthawi yake. Mu 1992 Tor Gammelsrød wa ku Norway anasonyeza kuti kuchuluka kwa camarão wogwidwa kumayendera limodzi ndi madzi amene Zambezi watulutsa m'dzinja.

Sindinena kuti damu silinabweretse kanthu. Kapenta, amene anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika n'kuikidwa mu Kariba mu 1967 ndi 1968, anatsika yekha mpaka mu Cahora Bassa, ndipo lero adyetsa anthu ambiri. Pende wa ku Chicoa nayenso ndi wa m'nyanja ya damu. Komatu nayenso amamanga zisa zake m'madzi osaya a m'mphepete, kotero kuti nyanja ikatsitsidwa msanga pa nthawi yoswa, zisazo zimatsala pamtunda. Dzanja limodzi lomwelo ligwira asodzi a kumtunda ndi a kumunsi kwa khoma.

Kodi ndandanda ya damu ingasinthidwe chifukwa cha nsomba? Zinachitikapo. Ku United States, pa mtsinje wa Colorado, kuli damu la Glen Canyon limene linatsekedwa mu 1963. Madzi ake amatuluka kuchokera pansi pa nyanja, ozizira ndi oyera, kotero kuti kumunsi kwake, ku Lees Ferry, kunayamba kukhala bwino nsomba yotchedwa trout. Kuno kuchigwa nsomba imeneyi kulibe, pakuti imafa m'madzi otentha. Azungu anangoiika m'timitsinje ta pamwamba pa mapiri, monga ku Zomba ndi ku Nyika m'Malawi, ndi ku Nyanga m'Zimbabwe. Ku Lees Ferry anthu amachokera kutali kudzaiwedza ndi mbedza, ndipo eni mabwato ndi nyumba za alendo amadya za usodziwo. Koma damulo linkatsegulidwa motsata ola la magetsi: masana madzi ambiri, usiku ochepa. Pa tsiku limodzi lokha mtsinje unkakwera ndi kutsika kuposa msinkhu wa munthu m'malo ena. Trout imaikira mazira m'timiyala ta m'madzi osaya, tsono mazirawo ankauma, tiana tinkatsala pa mchenga, ndipo boma linkachita kuthiramo nsomba zoweta kuti usodzi usafe. Mu 1991 anaika malire a m'mene madzi angakwerere ndi kutsikira pa tsiku, mu 1992 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza chigwa cha Grand Canyon, ndipo trout inayamba kuswana yokha mokwanira. Mu Malichi 1996 anatsegula dala madzi ochuluka, makyubiki mita pafupifupi 1,270 pa sekondi iliyonse, kwa masiku 7, kuti mtsinje ubwezeretse mchenga m'magombe. Akhala akubwereza kangapo chiyambire pamenepo.

Zonse sizinakome ayi. Chigumula chadala cha mu 2008 chinachulukitsa trout kwambiri, pamene trout imadya ndi kulanda chakudya ana a humpback chub, nsomba ya eni mtsinjewo imene inali itatsala pang'ono kutha. Chimene ndichikonda ine n'chakuti amayesa, amawerenga nsomba, nakonzanso ndandanda, ndipo pa bungwe lolangiza za damulo, limene linayamba mu 1997, pamakhala a magetsi, a maboma, mafuko a eni dziko monga Navajo ndi Hopi, ndi oimira asodzi. Nsomba yawoyo ndi ya masewera. Yathu ndi ndiwo, ndiponso ndiyo igula kope la mwana wa sukulu.

Ngakhale pafupi pompa nzeruyi ilipo. Pomanga damu la Itezhi-Tezhi pa Kafue ku Zambia m'zaka za m'ma 1970, m'mapulani munalembedwa kuti mwezi wa Malichi azitulutsa makyubiki mita 300 pa sekondi, kuti madambo a Kafue alandire madzi a nsomba ndi msipu wa ng'ombe. Sanazitsate bwino zaka zonse, koma zinalembedwa, ndipo cholembedwa munthu angathe kuchifunsa. Kwathu kuno, m'zaka za nkhondo nthambo zitadulidwa, Cahora Bassa ankangotaya madzi osagulitsa magetsi oti n'kuwatchula, mpaka nthambozo zinakonzedwa cha m'ma 1997 ndi 1998. Ngakhale pamenepo madziwo sanatayidwe motsata nyengo ya mtsinje. Mu 1997 akatswiri anasonkhana ku Songo komweko napempha kuti madzi azitulutsidwa mofanizira chigumula cha kale. Pambuyo pake Richard Beilfuss ndi anzake, amene anafufuza madambo a Marromeu, anasonyeza kuti chigumula chaching'ono cha masabata ochepa chingatheke zaka zambiri popanda kutaya magetsi ochuluka.

Otsutsa ali nazo zifukwa, ndipo zina n'zomveka. Amati madzi odutsa pa zitseko osapota makina ndi ndalama yotayika, ndipo ndalamayo ndi ya dziko. Amatinso pali zaka za chilala, monga 2024, pamene Kariba anaphwa kotero kuti a ku Zambia ankakhala mumdima pafupifupi tsiku lonse, ndipo Cahora Bassa nayenso anatsika kwambiri. Chaka chotero palibe wanzeru amene angapemphe chigumula. Komanso pali anthu aja anamanga m'malo otsika, amene chigumula chadala chingawapweteke. N'chifukwa chake chiyenera kukhala cha muyeso, cha m'zaka za madzi okwanira, ndi cha tsiku lodziwika, kuti mlimi akolole kapena adikire kubzala, msodzi akokere bwato kumtunda. Nafenso tili ndi mbali yathu: amene amakokera masikito m'dambo pa nthawi yoswa akuphwetsa chikuta chomwecho popanda kukhudza chitseko cha damu.

Pa 27 Novembala 2007 boma la Moçambique linafika pokhala ndi magawo 85 pa 100 a Hidroeléctrica de Cahora Bassa litagula magawo ambiri kwa Apwitikizi, ndipo anthu anavina ku Songo kuti damu tsopano ndi lathu. Chinthu chikakhala chako, uli ndi ufulu wofunsa m'mene chikuyendera. Tsono ine ndipempha kuti a HCB pamodzi ndi a ARA-Centro azilengeza ndandanda ya madzi kumayambiriro kwa nyengo iliyonse, ndipo akafuna kusintha, uthenga uzimveka masiku angapo madzi asanatsegulidwe, pa wailesi ya Tete ndi pa mawailesi a m'maboma, m'Chinyungwe, m'Chisena ndi m'Chinyanja, n'kufikanso kwa mafumu ndi kwa atsogoleri a asodzi. Chenjezo lonena makyubiki mita okha silithandiza mayi wa pachilumba. Auzidwe kuti madzi afika Lachinayi ndipo akwera mpaka pati.

Chofunika msanga koposa ndi Mphanda Nkuwa. Damu limeneli, la mamegawati 1,500, lakonzedwera pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, ndipo mu Disembala 2023 boma linasaina mgwirizano ndi makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo kuti alimange. Lili pafupi kwambiri ndi Tete. Likadzayendetsedwa motsata ola la magetsi monga ankachitira ku Glen Canyon chisanafike chaka cha 1991, mtsinje uzidzakwera ndi kutsika tsiku lililonse, ndipo zisa za pende, madimba a m'mphepete ndi madooko a mabwato ndizo zidzayambe kumva. Ku America anadikira zaka 28 kuti aike malire, khoma litamangidwa kale ndipo magetsi atagulitsidwa kale. Ife tikadali ndi mpata woti malirewo alembedwe m'mapangano. Akadzabwera ndi msonkhano pa boma kapena pabwalo la mfumu, musadzangofunsa za ntchito ndi za chipukuta misozi. Mudzafunsenso kuti pa tsiku limodzi madzi azidzakwera ndi kutsika masentimita angati pa dooko lanu, kuti mu Febuluwale ndi Malichi adzatulutsa madzi otani, ndi kuti yankholo lalembedwa pa pepala liti.