Foni ni yathu, makiyi nawonso akhale athu

Timasunga ndalama miyezi ingapo, ena mwa ife kupyolela mu cilimba, kuti tigule foni yatsopano. Tikafika pa Katondo Street kapena ku City Market timalipila, kenaka timauza wogulitsa kuti, "Mudala, tiikileniko zonse." Iye amatsegula akaunti ya Gmail na kusankha yekha pasiwedi, ife tili cabe kumwetulila.

Apa m'pamene timalakwitsa. Akaunti ija ndiyo kiyi ya foni ya Android. Manambala a acibale, zithunzi na makalata ofunsila nchito zimasungidwa mmenemo. Tsiku limene wokonza adzafufuta zonse m'foni, ingafunenso akaunti yomweyo. Ngati pasiwedi inatsala m'mutu mwa munthu wina mu tauni, tidzatsala na galasi lopanda nchito.

Tisanapeleke ndalama, tiyimbe *#06#. Manambala 15 a IMEI amene aonekela afanane na amene ali pa bokosi, ndipo alembedwe pa lisiti. Akaunti titsegule tekha kunyumba, pasiwedi tilembe m'kabuku. SIM ikhale yolembetsedwa na NRC yathu, monga mmene ZICTA imafunila, cifukwa ndalama za pa mobile money zimatsatila dzina limenelo. Pa WhatsApp tiike PIN ya manambala 6.

Ena amati zonsezi n'zovuta. Zoona, zimadya madzulo amodzi. Tingapemphe mnzathu wodziwa kuti atilangize, koma zala zolemba pasiwedi zikhale zathu. Nanga ndani amamangitsa nyumba, makiyi n'kusiyila womanga?