Abwana, tisanakhale banja, tionetseni payslip

Ambili a ife amene tinagwilapo nchito mu shopu ku Kamwala, mu saluni ku Kabwata kapena mu kampani ya alonda tinamvapo abwana akukamba kuti, "Pano ndise banja limodzi." Mau amenewa amakoma kumva pa tsiku loyamba. Koma mwezi ukatha, landilodi ali pa khomo, ndipo foni ya abwana siyankhidwa, timakumbukila zimene makolo anakamba, kuti fodya wako ni uyo ali pamphuno. Wanchito amakhulupilila bwana cifukwa ca zinthu zimene angaone na kuŵelenga yekha, ndipo coyamba pa zinthu zimenezo ni malipilo ake.

Tiyeni titenge nkhani ya NAPSA. Mwezi uliwonse bwana amadula 5 pelesenti pa malipilo athu, ndipo afunika kuikapo 5 pelesenti ina yocoka m'thumba mwake na kutumiza zonse pofika pa 10 mwezi wotsatila. Mu Epulo 2023, Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lolola anthu kutengako 20 pelesenti ya ndalama zawo asanapume pa nchito. Anthu anathamangila kukaona maakaunti awo, ndipo ena anapeza miyezi yopanda kanthu. Ndalama zinali kudulidwa, koma ku NAPSA sizinali kufika. Munthu amene waona zimenezi, olo mumupatse tisheti ya kampani kapena mumucitile pate pa Khilisimasi, mtima wake unacoka kale pa nchitopo.

Zina mwa zimene tipempha zili kale m'malamulo. Employment Code Act ya 2019 imakamba kuti ngati munthu walembedwa nchito ya miyezi 6 kapena kuposapo, pangano lake lifunika kulembedwa pa pepala. Imakambanso kuti malipilo asacedwe kupitilila masiku 5 kucokela pa tsiku lolandila. Conco bwana amene apeleka kontilakiti, alipila pa nthawi yake na kuonetsa zonse zimene wadula, wangocita zimene lamulo lifuna. Ngakhale n'telo, apa m'pamene cidalilo cimayambila, cifukwa wanchito amaona kuti mau a bwana na zocita zake ziyendela pamodzi.

Tidziŵa kuti bizinesi nthawi zina imavuta. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kupita kwa maola ambili patsiku. Ometa tsitsi, owochelela nsimbi na ogulitsa nyama anataya ndalama zambili. Pa nthawi ngati imeneyo, bwana wanzelu amaitana anchito ake, n'kutsegula buku, n'kuwauza kuti, "Zaloŵa mwezi uno ni izi. Nikupatsani hafu lelo, zotsala pa 15." Ndiyeno pa 15 amapelekadi. Anthu amapilila ngati auzidwa zoona komanso tsiku. Cimene cimawaŵa ni kuuzidwa "mailo" kwa mawiki atatu, uku abwana abwela na motoka yatsopano.

Nawonso mabwana ali na madandaulo, ndipo ena ni oona. Katundu amasoŵa m'mashopu. Eni maminibasi amadandaula kuti kashing'i sikwana, ndipo dalaiva tsiku lililonse ali na nkhani yatsopano. Wanchito amene afuna kukhulupilika afunika kufika pa nthawi, kukamba zoona akaononga cinthu, na kusiya ndalama za mu tilu mmene zilili. Malipilo ocepa sapatsa munthu ufulu wakuba.

Koma woyamba kuonetsa cilungamo afunika kukhala bwana, cifukwa mphamvu zili kwa iye. Iye angacotse munthu nchito lelo, pamene wacicepele amene wayenda na envulopu ya mapepala m'tauni kwa zaka ziŵili alibe kothaŵila. Ndiye cifukwa cake mau akuti "pa geti pali ambili ofuna nchito" amaononga kwambili. Amabweletsa mantha, ndipo munthu wamantha amakhala cete. Amaona kuti filiji yayamba kulila zacilendo, kapena kuti kasitoma wamkulu wakhumudwa, koma sakamba kanthu poopa kuti mlandu udzamugwela. Pothela pake bwana amagula makamela na maloko, koma zimene zicitika mu bizinesi yake amazimva mocedwa, zinthu zitaonongeka kale. Bwana amene amamvetsela wanchito akabweletsa nkhani yoipa, osamunyoza pamaso pa makasitoma, amadziŵa vuto likali laling'ono.

Nkhani iyi itikhudza mbali zonse ziŵili, cifukwa ambili a ife ndise mabwana kale. Wina ali na mtsikana pa buti ya mobile money, wina anapatsa mnyamata motoka ya Yango, wina ali na wanchito wa panyumba. Kuyambila mu Januwale 2024, boma linaika K1,300 pamwezi monga malipilo ocepetsetsa a wanchito wa panyumba. Kodi timalipila ndalama imeneyi, ndipo timalipila pa tsiku limene tinapangana? Ngati pa buti pashota K200, kodi timakhala pansi na kuŵelengela pamodzi, kapena timangodula pa malipilo mwakacetecete? N'capafupi kudandaula za bwana wa mu ofesi, uku kunyumba ticita zimodzimodzi kwa munthu amene amatisungila ana.

Conco mwezi uno, ife olembedwa nchito tipemphe kontilakiti na payslip mwaulemu, ndipo tione ngati ndalama zathu zifika ku NAPSA. Ife olemba anzathu nchito tilembe tsiku lolipila na kulisunga, ndipo ngati zavuta, tikambe tsikulo lisanafike. Tikacita zimenezi mwezi na mwezi, mau akuti banja adzayamba kumveka oona pa nchito.