Kodi Wonama Wamkuru Ndani m'Buku la Huckleberry Finn?

M'caka ca 1885 akuru oyang'anira nyumba ya mabuku ya m'mudzi wa Concord, m'dziko la America, anakhala upo naturutsa buku lina kuti lisawerengedwe m'nyumba mwao. Anati liri lacabe, la mau amwano, losayenera anthu aulemu. Bukulo ndilo Adventures of Huckleberry Finn, lolembedwa ndi Mark Twain, amene dzina lace lobadwa nalo ndiye Samuel Clemens. Mlandu umenewo sunathe kufikira lero. Tamva anzathu ena aphunzitsi alikunena kuti Huck, mnyamata wa m'bukumo, ndi wabodza, ndipo mwana wowerenga za iye adzaphunzira kunama. Ife tikana mlandu umenewu. Kuti Huck anama tibvomera. Anama kawiri kawiri, osagwedera ndi diso lomwe. Koma anzathuwo awerenga mabodza monga tiwerenga mbuzi polowa m'khola, osafunsa kuti bodza ili lagwetsa yani, ndi ilo lapulumutsa yani.

Kwa inu amene simunalione bukuli tifotokoze pang'ono. Nkhani yace ndi ya pa mtsinje waukuru wa Mississippi, masiku aja ukapolo ukali cikhalire, pakuti lamulo louthetsa m'dziko lonselo linadza m'caka ca 1865. Huck alibe mai, ndipo athawa atate wace woledzera ndi womenya. Jim ndi kapolo wa mkazi wopembedza dzina lace Miss Watson, ndipo anathawa atamva kuti afuna kumgulitsa ku New Orleans ndi madola 800. Awiriwa anakomana pacisumbu, natsika ndi madzi pa nsanja ya mitengo yoyandama, kuyenda usiku, kubisala usana. Analinga ku Cairo, pamene mtsinje wa Ohio uthira m'Mississippi, kuti kucokera kumeneko amuke ku madera opanda ukapolo.

Usiku wina kunagwa nkhungu, ndipo madzi anawalekanitsa, Huck m'bwato, Jim pansanja. Jim anaitana kufikira kulema, nayesa kuti mnyamatayo wamira, nagwidwa ndi tulo ali ndi cisoni. Huck pobwera anampeza ali m'tulo. Atauka Jim, alikukondwa kuti mnzace ali moyo, Huck anamuuza kuti kunalibe nkhungu, sanalekane konse, zonsezo anangolota. Jim anakhulupirira, nayamba kumasulira lotolo. Pomwepo Huck analoza masamba, zinyalala ndi nkhafi yotyoka zimene madzi anasiya pansanjapo, nafunsa moseka kuti nanga izi zitanthauzanji. Jim anaziyang'ana nazindikira. Anayankha kuti iye analirira bwenzi lace, pamene bwenzilo linangolingalira za kumpusitsa, ndi kuti wocita cotero afanana ndi zinyalalazo. Huck analimbana ndi mtima wace mphindi 15, namuka kukapepesa kwa kapolo, cinthu cimene anthu a kwao sanamphunzitse. Taonani, bodza limeneli bukulo lilidzudzula lokha, ndipo lilidzudzula m'kamwa mwa munthu amene lamulo linamuyesa katundu. Kodi buku lophunzitsa kunama likadatero?

Posacedwa Huck anamanso. Amuna awiri a mfuti, osaka akapolo othawa, anamfunsa za munthu ali pansanja. Huck anati ndi atate wace wodwala, nalankhula mwakuti iwo anayesa kuti ndi nthomba. Anaopa, nabwerera, nasiya yense ndalama yagolidi ya madola 20 kuti mtima wao usawatsutse. Kunena zoona pamenepo kukadakhala kumveka Jim unyolo. Anzathu amene akhumudwa ndi bodza ili akatsegule Eksodo mutu woyamba, akaone m'mene anamwino Sifra ndi Puwa anayankhira Farao, ndi cimene Mulungu anawacitira pambuyo pace.

Pamene bukuli lilemera koposa mpamene onyenga awiri, amene anakwera pansanja nadzicha mfumu ndi nduna, agulitsa Jim ndi madola 40. Huck atsala yekha. Cikumbu mtima cace cimuuza kuti kuthandiza kapolo kuthawa ndiko kuba cuma ca Miss Watson, ndi kuti wocita cotero amuka ku Gehena. Ayesa kupemphera, mau saturuka. Alemba kalata youlula kumene kuli Jim, ndipo amva mtima wace wapepuka ngati wasamba. Koma akumbuka Jim alikumlondera usiku kuti iye agone, akumbuka kukondwa kwace usiku wa nkhungu uja. Ang'amba kalatayo, nabvomera kutayika.

Pano pali cinthu cimene ife aphunzitsi tiyenera kucita naco mantha. Huck sanadziwe kuti wacita bwino. Anang'amba kalata alikudziyesa wocimwa. Amene anapotoza cikumbu mtima cace ndiwo anthu aulemu a m'mudzi mwace, opemphera asanadye, ophunzitsa ana m'sukulu ya Sabata. Buku limene anali nalo m'manja liletsa m'Deuteronomo 23 kubweza kapolo wothawa kwa mbuye wace, koma mutu umenewo sunafike m'makutu a mwanayo. Mwana akaphunzitsidwa kuti coipa ndi cabwino, tsiku limene acita cabwino amva ngati wagwa. Akuru a ku Concord anadandaula za mwano wa Huck. Ife tiyesa kuti galasi limene Twain anaikira anthu aulemu ndilo lowawa koposa mwanowo.

Tsono tifike pa iye amene anzathu samchula konse, ndiye Tom Sawyer, mwana wa pabanja labwino, wowerenga mabuku, wokondedwa ndi akuru. Tom afika pa munda wa Phelps kumene atsekera Jim m'kanyumba, nabvomera msanga kuthandiza kumpulumutsa. Huck adabwa kuti mwana woleredwa bwino angacite cotero. Cinsinsi cace ndi ici: Tom adziwa kuti Miss Watson anamwalira miyezi iwiri yapitayo, ndi kuti m'kalata yace yotsiriza anamasula Jim. Mau amodzi akadatsegula citseko tsiku lomwelo. Tom anakhala cete masabata atatu, cifukwa anafuna sewero longa la m'mabuku ace. Anakumbitsa una pansi pa kanyumba, naikamo makoswe, njoka ndi akangaude kuti wandende aoneke ngati wandende weni weni, namlembetsa mau pa mwala wamphero, natumiza makalata opanda dzina amene anasonkhanitsa alimi ndi mfuti zao. Pothawa Tom analasidwa mwendo, ndipo Jim anakana kumsiya. Anaturuka kumene anabisala kudzathandiza sing'anga, nagwidwanso, ena nafuna kumpacika. Munthu wamfulu anataya ufulu wace cifukwa ca mwana amene anali kusewera naye ngati cidole.

Jim nayenso anabisa kanthu. M'nyumba ina yotengedwa ndi cigumula anapezamo mtembo, naupfunda, naletsa Huck kuyang'ana nkhope yace. Pa mapeto pokha anamuuza kuti anali atate wace. Onse awiri anakhala cete, Jim ndi Tom, koma wina anapewetsa mwana coopsa, wina anasunga munthu m'unyolo. Wowerenga mabodza ngati mbuzi adzati afanana.

Sitinena kuti bukuli liribe cirema. Muli mau onyoza anthu akuda ochulidwa koposa 200, ndipo makolo ambiri a ku America alidandaula cifukwa ca mau amenewo. Dandaulo lao ndi loona, losiyana ndi la ku Concord, ndipo mphunzitsi asapatse mwana bukuli ndi kucoka. Huck mwini atikhumudwitsa pa mapeto, pakuti iye amene anabvomera Gehena cifukwa ca bwenzi lace atsata Tom m'zopusa zonsezo ngati mwana wa nkhosa. Koma ngati anzathu afuna wonama woti acenjeze naye ana, aleke mnyamata wansanza, agwire wobvala bwinoyo.

Zitaululika zonse, Tom anapatsa Jim madola 40 cifukwa ca kupirira kwace pokhala wandende, mtengo womwewo umene onyenga aja anamgulitsira. Jim anakondwa nazo. Pansanja paja anauza Huck kuti akapata ufulu adzagwira nchito ndi kusunga ndalama kuti aombole mkazi wace ndi ana ace awiri, ndipo bukulo litha iwo akali akapolo.