Pabwalo la Mpira: Mwana Wanu Si Mbuzi ya Pamsika

Mpira wa ligi waima ndipo mabwalo ali zii. Kucokera m'caka ca 2019, pamene bungwe la FAZ linasintha nyengo ya masewera, matimu athu amapumula m'miyezi ya cisanu, nthawi imene inu kumudzi muli kalikiliki kututa ndi kutonola cimanga. Osewera apumula, koma akuluakulu a matimu sagona tulo. Ino ndiyo nyengo yogula, kugulitsa, kubwereka ndi kucotsa osewera, kuti mpira ukadzayambanso timu iri yonse idzakhale itakwana.

Sabata yatha ndinapita ku City Market mu Lusaka kukasoketsa nsapato. Pamene ndinali kudikira, amuna atatu anali pa mtsutso waukulu. Wina wa ku Kabwata anali kunena kuti Zanaco ikagula womwetsa zigoli mmodzi yekha, cikho cidzabwerera ku Sunset. Mnzake wa ku Chelstone anamuseka, nati Red Arrows, imene inatenga ligi mu 2022 ndi mu 2024, iposa onse podziwa kusankha. Wacitatu, mkulu wa imvi, anangopukusa mutu ndi kuwakumbutsa kuti City of Lusaka ya ku Woodlands inatenga ligi mu 1964 iwo asanabadwe. Mau akuti "tagula uje, tagulitsa uje" anali kuturuka m'kamwa mwao monga anena za kapenta.

Ndiri pomwepo ndinamva mau kumbuyo kwanga: "Amalume, kodi mwandiiwala?" Poceuka ndinaona mnyamata wa kwathu kum'mawa atagwira wilibala yodzaza matumba a anyezi. Ameneyu anali wochuka m'dera lathu cifukwa ca liwiro lake ndi mwendo wake wamanzere. Anandifotokozera kuti tsiku lina kunafika munthu wobvala bwino, wa mafoni awiri, amene anati ali ndi malo m'timu ina ya mu Lusaka, ndipo kuti pambuyo pake njira ya ku Ulaya idzatseguka. Anafuna ndalama za ulendo, za mapepala ndi za nsapato za mpira. Atate ake anagulitsa ng'ombe ziwiri zolimira. Atafika mu Lusaka, munthu uja anamusiya m'kacipinda, napita, ndipo foni yake sinalirenso. Ku timu imene anaichula kunalibe amene anamva za iye. Pepala losainidwa panalibe ngakhale limodzi.

"Nanga bwanji sunabwerere kumudzi, mphwanga?" ndinamufunsa. Iye anayang'ana pansi nati, "Amalume, ndikawauza ciani atate? Caka cino alima ndi khasu cifukwa ca ine."

Nkhani ya mnyamata ameneyu ndiyo yandicititsa kulemba za msika wa osewera. Msikawu suli woipa mwa iwo wokha ai. Uli ndi malamulo ake, ndipo amene amalira nthawi zonse ndi uja waulowa asakuwadziwa.

Kale m'dziko lathu mpira unali kuyenda pamodzi ndi nchito. Mufulira Wanderers ndi Nchanga Rangers anali matimu a migodi, Kabwe Warriors inali ya njanji, monganso Green Buffaloes iri ya asilikali ndipo Nkwazi iri ya apolisi. Mnyamata akasamukira ku timu yatsopano, kawirikawiri anali kupezanso nchito ndi nyumba. Godfrey Chitalu atacoka ku Kitwe United kupita ku Kabwe Warriors mu 1971, dziko lonse linalankhula, ndipo caka cotsatira anamwetsa zigoli 107. Komabe masiku amenewo mphamvu zonse zinali m'manja mwa timu. Akuluakulu akakana kumasula wosewera, iye analibe kolowera.

Ena mwa amene anathyola goli lotere anali osewera baseball a ku America. Awa ndi masewera omenya kampira kolimba ndi cibonga, ofananako ndi raundasi imene ana amasewera kusukulu, ndipo kumeneko muli ndalama zankhaninkhani. Kuyambira mu 1879 eni matimu anapangana lamulo lakuti wosewera akasaina ku timu, akhala wa timuyo mpaka iyo yokha itamugulitsa kapena kumutaya. Mu Disembala 1919 mwini wa Boston Red Sox anagulitsa katswiri wake Babe Ruth ku New York Yankees pa mtengo wa madola 100,000. Red Sox, imene inali itatenga cikho mu 1918, sinacionenso mpaka 2004. Mlimi ali yense adziwa cimene cimagwera munthu wogulitsa mbeu yobzala.

Mu Okutobala 1969 timu ya St. Louis Cardinals inasinthanitsa Curt Flood, munthu wakuda amene anaisewerera zaka 12, ndi kumutumiza ku Philadelphia osamufunsa. Flood anakana kupita. Analembera kalata mkulu wa masewerawo kumuuza kuti iye ndi munthu, ndipo sayenera kugulitsidwa monga katundu. Mlandu unafika ku bwalo lalikulu koposa la dzikolo, ndipo mu 1972 Flood anagonja, masewera ake atatha kale. Koma moto anali atauyatsa. Mu Disembala 1975 woweruza wapakati Peter Seitz anamasula osewera awiri, Andy Messersmith ndi Dave McNally, ndipo mu 1976 kunapanganidwa kuti wosewera amene watha zaka 6 m'ligi yaikulu, pangano lake likatha, ali ndi ufulu wosankha yekha kopita. Ndi ufulu umenewu Shohei Ohtani wa ku Japan anacoka ku Los Angeles Angels mu Disembala 2023, nasaina ndi Los Angeles Dodgers pangano la zaka 10 la madola 700 miliyoni.

Ku mpira wathu wa miyendo ufulu wotere unafika mocedwa. Jean-Marc Bosman wa ku Belgium, pangano lake litatha mu 1990, analetsedwa ndi timu yake kupita ku timu ina ya ku France. Anasuma, ndipo pa 15 Disembala 1995 bwalo la milandu la maiko a ku Ulaya linamuweruzira bwino. Zitatero, mu 2001 bungwe la FIFA linakonza malamulo atsopano a kasamutsidwe ka osewera, amene FAZ nayonso imatsata. Mwa malamulo amenewa alipo anai amene kholo liri lonse liyenera kusunga pamtima.

Loyamba, wosewera wolipidwa ayenera kukhala ndi pangano lolembedwa. Pangano silingapitirire zaka 5, ndipo kwa mwana wosafika zaka 18 silingapitirire zaka 3. Likatsala ndi miyezi 6 kuti lithe, wosewera ali ndi ufulu wopangana ndi timu ina.

Laciwiri, mwana wosafika zaka 18 saloledwa kusamutsidwira ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zocepa, monga pamene makolo ake asamukira kumeneko pa zao zosakhudza mpira. Cotero munthu akakuuzani kuti atenga mwana wanu wa zaka 15 kupita naye ku Ulaya, dziwani kuti ali kunama kapena ali kuswa lamulo.

Lacitatu, munthu woimira wosewera pokambirana ndi matimu ayenera kukhala ndi cilolezo ca FIFA, ndipo kuyambira mu 2023 cilolezoci cimaperekedwa munthu atalemba mayeso. Funsani kuti akuonetseni.

Lacinai ndilo lokhudza matimu ang'onoang'ono. Wosewera akagulitsidwa kunja pangano lake lisanathe, magawo 5 pa 100 a mtengo wake amagawidwa kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23. Timu imene inamulera zaka zinai zoyamba, kucokera pa 12 kufika pa 15, ilandira gawo limodzi pa 100. Pa K1,000,000 iri yonse, imeneyo ndi K10,000. Koma ndalamazi zimatsata dzina lolembedwa m'kaundula. Ngati timu ya kwanu siinalembetse ku FAZ, kapena siinalembetse mwanayo, thukuta la mphunzitsi amene anamugulira mpira woyamba lapita pacabe.

Kuti muone phindu la njira yoongoka, taonani Patson Daka. Iye analeredwa ndi Kafue Celtic, timu yaing'ono, nabwerekedwa ku Nchanga Rangers ndi ku Power Dynamos. Mu Marichi 2017 anali m'gulu la anyamata osafika zaka 20 amene anatenga cikho ca Africa pa bwalo la Heroes mu Lusaka pogonjetsa Senegal 2 kwa 0. Caka comweco anapita ku Salzburg ku Austria, ndipo mu 2021 Leicester City ya ku England inamugula pa mtengo umene manyuzipepala anati unali pafupifupi mapaundi 23 miliyoni. Magawo 5 pa 100 a ndalama zotere aposa mapaundi 1 miliyoni. Mnzake Enock Mwepu anadzera ku Kafue Celtic komweko ndi ku Salzburg, nafika ku Brighton mu 2021, koma mu Okutobala 2022 madokotala anamupeza ndi nthenda ya mtima, nasiya mpira ali ndi zaka 24. Ici citikumbutsa kuti moyo wa pabwalo ndi waufupi, ndipo sukulu siyenera kutayidwa cifukwa ca mpira.

Ifenso a kum'mawa tiri naye wathu. Fashion Sakala, wobadwira ku Chipata, anakwera makwerero mmodzimmodzi: Nchanga Rangers, Zanaco kumene anatenga ligi mu 2016, Spartak Moscow, Oostende ya ku Belgium, kenaka Rangers ya ku Scotland mu 2021. Ana akazi naonso msika wawatsegukira. Mu 2024 Racheal Kundananji anagulidwa ndi Bay FC ya ku America pa mtengo umene pa nthawiyo unaposa wa mkazi wina ali yense pa dziko lapansi, ndipo Barbra Banda, amene anasewerera Green Buffaloes, anapita ku Orlando Pride. Onsewa anayamba aonekera pa mabwalo a kuno kwathu, m'matimu odziwika, maina ao ali m'kaundula.

Kwa akuluakulu a matimu ndinena mau awa. M'zaka za m'ma 1920, mkulu wa St. Louis Cardinals, Branch Rickey, ataona kuti sangapikisane ndi matimu olemera pogula akatswiri, anayamba kugula matimu ang'onoang'ono a m'matauni akutali kuti azilereramo anyamata. Kumeneko matimu oterewa amawachula dzina lotanthauza munda. Cardinals inatenga cikho kasanu ndi kamodzi pakati pa 1926 ndi 1946. Timu imene caka ndi caka imacotsa osewera khumi ndi kugula khumi ena iri ngati banja logula ufa wa m'sitolo pamene munda uli gone. M'malo mothamangitsana pa maina ochuka, tumizani anthu anu ku Petauke, ku Katete, ku Lundazi ndi ku Chadiza kukaonerera mpira wa masukulu, ndipo mukapeza mnyamata, kambiranani ndi makolo ake masana, mafumu ndi aphunzitsi akuona.

Kwa inu makolo, akulu anati safunsa anadya phula. Mlendo akafika ndi malonjezo, mufunseni dzina la timu, ndipo imbani foni ku timuyo kapena ku ofesi ya FAZ musanaturutse ngwee. Timu imene ifunadi mwana wanu ndiyo imaturutsa ndalama, ndipo sipempha ng'ombe. Pepala liri lonse liwerengedwe ndi munthu amene mumkhulupirira, monga mphunzitsi wamkulu wa sukulu, ndipo limodzi litsale m'nyumba mwanu. Limbikitsaninso timu ya m'dera lanu kuti ilembetse ku FAZ ndi kulembetsa ana ake onse.

Mphwanga uja ndinakhala naye pansi m'msika momwemo, tinadya nsima, ndipo ndinaimbira foni atate ake iye akumva. Mkuluyo anakhala cete kanthawi, kenaka anati ng'ombe zimagulidwa zina, mwana abwere. Loweruka m'mawa ndinamuperekeza ku Intercity kukakwera basi ya kum'mawa. Ali ndi zaka 19 cabe, mwendo wamanzere ukali naye, ndipo walonjeza kuti akayamba ndi timu ya m'boma lathu imene iri m'kaundula wa FAZ.

Sabata ya mawa tidzaona matimu amene akwera kulowa m'ligi yaikulu ndi mmene akonzekera.